Jean-Eugène Robert-Houdin

Jean-Eugène Robert-Houdin (7 Disembala 1805 – 13 Juni 1871) anali mmisiri wa mawotchi, katswiri wa zamatsenga za pasiteji komanso wotulukira zipangizo wa ku France. Amadziwika ndi mawotchi a nkhope yagalasi omwe mivi yake imayenda popanda makina ooneka, amene masiku ano amatchedwa mawotchi achinsinsi. Amadziwikanso chifukwa chochotsa zamatsenga m'misika ndi m'misewu n'kuzilowetsa m'nyumba ya zisudzo, moti ambiri amamutcha tate wa zamatsenga zamakono. Matsenga akewo sanali a ufiti kapena a mizimu. Ankagwiritsa ntchito changu cha manja, makina obisika ndi magetsi. Atapuma pa zisudzo anathera zaka zake zomaliza akufufuza za mawotchi amagetsi ndi zipangizo zopimira maso. Mu 1856 boma la France linamutumiza ku Algeria kuti matsenga ake akathandize ulamuliro wachitsamunda, ndipo ulendowu ndi umodzi mwa nkhani zimene olemba mbiri amatsutsanapo kwambiri pa moyo wake.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira mumzinda wa Blois, m'mbali mwa mtsinje wa Loire, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Jean-Eugène Robert. Bambo ake, Prosper Robert, anali mmisiri wa mawotchi mumzindawo. Mayi ake, Marie-Catherine Guillon, anamwalira iye akadali wamng'ono. Ali ndi zaka 11 anatumizidwa kusukulu ku Orléans, ndipo anabwerera ku Blois ali ndi zaka 18.

Bambo ake ankafuna kuti adzakhale loya, choncho anamupezera ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya zamalamulo. Koma mnyamatayo ankakonda kwambiri kupanga tizipangizo kusiyana ndi kukopera zikalata. Patapita nthawi banja linavomera kuti aphunzire ntchito ya mawotchi kwa msuweni wake, Jean-Martin Robert, popeza bambo ake anali atapuma pa ntchitoyo.

M'buku la mbiri ya moyo wake, Robert-Houdin anafotokoza kuti anayamba zamatsenga mwangozi. Iye anapita kukagula mabuku awiri a Ferdinand Berthoud onena za kapangidwe ka mawotchi, koma wogulitsa anamukulungira mabuku ena ofotokoza masewera a sayansi ndi matsenga. M'malo mowabweza anawawerenga, n'kuyamba kuyeserera. Kenako anaphunzira kuponya ndi kuwakha timipira kwa munthu wina wa ku Blois dzina lake Maous, pofuna kuti manja ndi maso ake azolowere changu. Atamaliza kuphunzira ntchito anakagwira kwa mmisiri wina wa mawotchi ku Tours. M'buku lomwelo ananenanso kuti anayenda ndi wamatsenga wina wotchedwa Torrini, amene anamusamalira atadwala n'kumuphunzitsa zambiri. Ofufuza sanapeze zolembedwa zina zotsimikizira kuti munthuyu anakhalapodi, ndipo ambiri amaona kuti nkhaniyi anangoipeka pofuna kukometsa bukulo.

Banja ndi ntchito ku Paris

Pa 8 Julayi 1830 anakwatira Josèphe Cécile Églantine Houdin, mwana wa Jacques-François Houdin, mmisiri wa mawotchi wa ku Paris amene kwawo kunalinso ku Blois. Apa m'pamene anaphatikiza dzina la mkazi wake ndi lake n'kukhala Robert-Houdin. Anasamukira ku Paris kumene ankagwira ntchito ndi apongozi akewo, kwinaku akukonza ndi kupanga zidole zoyenda ndi makina.

Mu 1837 analembetsa ku boma umwini wa chipangizo chake choyamba, wotchi yodzutsa munthu imene inkayatsanso moto ikalira, kuti wodzuka kukadali mdima apeze kuwala. Wotchiyi inagulidwa bwino ndipo inathandiza banjalo pa nthawi imene ndalama zinkasowa.

Cécile anabereka ana 8, koma atatu okha ndi amene anali moyo pamene iye ankamwalira mu 1843 ali ndi zaka 32. Mu 1844 Robert-Houdin anakwatira Françoise Marguerite Olympe Braconnier, amene analera anawo ndi kuyendetsa zapakhomo.

Mawotchi achinsinsi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, Robert-Houdin anayamba kupanga mawotchi amene anamutchukitsa pakati pa amisiri anzake. Wotchi wamba imakhala ndi makina kuseri kwa nkhope yake, ndipo mivi imalumikizidwa ku makinawo kudzera pa kachitsulo kodutsa pakati. Mawotchi ake sanali choncho. Nkhope yake inali galasi loonekera mbali zonse, lolembedwa manambala, ndipo munthu akasuzumira kuseri sankaona giya kapena waya. Muvi unkaoneka ngati wangolenjekeka pakati pa galasi, komabe unkasonyeza nthawi molondola.

Chinsinsi chake chinali chakuti magalasi anali awiri kapena kuposerapo, osanjikizana mothinana moti ankaoneka ngati limodzi. Galasi la manambala silinkasuntha. Kuseri kwake kunali galasi lina lozungulira, ndipo muvi unamangiriridwa pa galasi limenelo. M'mphepete mwake munali mkombero wachitsulo wa mano, wobisika mkati mwa felemu yamkuwa yozinga nkhope yonse. Makina enieni, oyendera sipuling'i, ankakhala m'tsinde la wotchi. Kuchokera m'tsindemo, timitengo tachitsulo ndi timagiya tinkadutsa mkati mwa zokongoletsa zochirikiza nkhope mpaka kukaluma mano a mkombero uja. Choncho galasi lonse ndi limene linkazungulira pang'onopang'ono litanyamula muvi, koma popeza galasi loyera silionetsa kuti likuyenda, woonera ankangoona muvi wokha.

Mawotchi oyamba a mtunduwu anali ndi muvi umodzi wosonyeza maola. Anthu atayamba kuganiza kuti mphamvu imadutsa m'zokongoletsa zamkuwa zija, iye anachotsa zokongoletsazo n'kuimika nkhope pamwamba pa mzati wagalasi, woonekeranso mbali zonse. Mzatiwo unali mapaipi awiri agalasi, ina mkati mwa inzake. Yakunja inkangochirikiza, pamene yamkati inkazungulira n'kumapereka mphamvu kuchokera kutsinde kupita kumtunda kudzera m'timagiya tobisika kunsonga zonse ziwiri. Pambuyo pake anapanganso mawotchi a mivi iwiri, wa maola ndi wa mphindi, powonjezera magalasi.

Luso limeneli linali lovuta chifukwa galasi ndi lolemera poyerekeza ndi muvi wamba, ndipo likapanda kudulidwa mozungulira bwino limakhula felemu n'kuimitsa wotchi. Fumbi kapena kachizindikiro kalikonse pa galasi loyenda kakanaulula chinsinsi, choncho magalasi ankayenera kukhala oyera kwambiri ndi otsekeredwa bwino. Robert-Houdin anaonetsa ntchito zake pa chionetsero cha zopangapanga cha dziko la France ku Paris mu 1839 ndipo analandira mendulo ya bulonzi.

Pa chionetsero cha mu 1844 analandira mendulo ya siliva. Chimene chinakopa anthu chaka chimenecho chinali chidole chooneka ngati munthu wokhala pa tebulo, chimene chinkalemba ndi kujambula poyankha mafunso. Mfumu Louis-Philippe inachiona, ndipo pambuyo pake chinagulidwa ndi P. T. Barnum, mwini zionetsero wa ku America.

Nyumba ya zisudzo ya ku Palais-Royal

Kasitomala wake wina wolemera, Count de l'Escalopier, anamuthandiza ndi ndalama zotsegulira nyumba ya zisudzo. Robert-Houdin anachita lendi zipinda ku Palais-Royal mu Paris n'kuzisandutsa holo ya anthu pafupifupi 200. Chionetsero choyamba, pansi pa dzina lakuti Soirées fantastiques, chinachitika pa 3 Julayi 1845. Iye mwini analemba kuti usiku umenewo mantha anamugwira, analankhula mothamanga ndipo zinthu sizinayende bwino, moti anatsala pang'ono kutseka holoyo. Anapirira, ndipo m'chaka chotsatira anthu anayamba kudzaza.

Amatsenga ambiri a nthawi imeneyo ankavala mikanjo italiitali ndi zipewa zosongoka, ndipo matebulo awo ankawaphimba ndi nsalu zofika pansi momwe munkabisala owathandiza. Robert-Houdin ankavala suti yamadzulo ngati ya oonera ake, ndipo siteji yake anaikonza ngati chipinda chochezera cha m'nyumba ya munthu wolemera, chokhala ndi mipando ndi matebulo osaphimba. Sanali woyamba kuvala motero, koma kutchuka kwake n'kumene kunachititsa kuti amatsenga a pambuyo pake atengere kavalidweka.

Chimene chinayamba kukopa khamu mu 1846 chinali sewero limene ankachita ndi mwana wake Émile. Mnyamatayo ankamangidwa nsalu m'maso ali pasiteji, bambo ake n'kumayenda pakati pa oonera akugwira zinthu zimene anthu ankawapatsa, monga ndalama zakunja, mphete kapena makiyi. Émile ankatchula chinthu chilichonse ndi kuchifotokoza. Awiriwa anali ataloweza zizindikiro zambiri zobisika m'mawu a mafunso.

Mu 1847, pamene anthu ku Ulaya ankakamba kwambiri za ether, mankhwala ogonetsa odwala pa opaleshoni amene anali atangoyamba kumene kugwiritsidwa ntchito, iye anakonza sewero lina ndi mwana wake wamng'ono. Ankanamizira kumununkhizitsa mankhwalawo, n'kunena kuti thupi lake lapepuka. Kenako ankachotsa chopondapo ndi kumugoneka m'malere chopingasa, chigongono chokha chitatsamira pa ndodo. Mwanayo ankavala chimango chachitsulo mkati mwa zovala, chimene chinkakoleka ku ndodoyo.

Sewero la mtengo wa malalanje linaphatikiza luso la manja ndi la makina. Iye ankabwereka kampango kwa mayi wina mwa oonera n'kukasowetsa. Kenako kamtengo ka mumphika kankachita maluwa, maluwawo n'kusanduka malalanje enieni amene ankagawira anthu. Lalanje lotsiriza linkang'ambika pakati, ndipo agulugufe awiri a makina ankatulutsa kampango kaja n'kukatambasula m'mwamba. Panalinso botolo limene linkatulutsa zakumwa zosiyanasiyana malinga ndi zimene munthu wapempha, ndi chidole chotchedwa Antonio Diavolo chimene chinkachita masewera olendewera pa ndodo.

Magetsi analowa pasiteji yake kudzera m'kabokosi kamatabwa kamene mwana ankatha kukanyamula, koma munthu wamkulu n'kukalephera iye akalamula. Pansi pa kabokosiko panali chitsulo chobisika, ndipo pansi pa siteji panali maginito oyendera magetsi. Wothandiza akalumikiza batire, kabokosiko kankamamatira pansi.

Kuukira boma kwa mu 1848 kunasokoneza zisudzo ku Paris, ndipo iye anapita ku London kumene anachita zionetsero ku St James's Theatre ndiponso pamaso pa Mfumukazi Victoria. Pa nthawiyi n'kuti zinsinsi zake zina zitatuluka kale. Mmisiri wake wina, Le Grand, ankapanga zipangizo zofanana ndi za bwana wake n'kumazigulitsa, ndipo amatsenga ena monga John Henry Anderson ndi Compars Herrmann ankaonetsa masewero ofanana ndi ake. Mu 1852 anasiyira holo yake Pierre Chocat, wodziwika pasiteji ndi dzina lakuti Hamilton, amene anali wophunzira wake komanso mlamu wake. Atayendanso ku England ndi ku Germany, anapuma pa zisudzo.

Ulendo wa ku Algeria

France inalowa mu Algeria ndi nkhondo mu 1830, ndipo patapita zaka zoposa 20 madera ena anali akukanabe ulamuliro wake. Akuluakulu a asilikali a France ankaona kuti atsogoleri achipembedzo cha Chisilamu otchedwa marabout ndi amene ankalimbitsa anthu mtima, ndipo ena mwa iwo ankadziwika kuti amachita zodabwitsa. Mtsamunda de Neveu, mkulu wa ofesi ya zandale ku Algiers, anaitana Robert-Houdin kuti akaonetse mafumu a kumeneko kuti Afalansa ali ndi zodabwitsa zoposa zimenezo.

Zionetsero zinachitika kumapeto kwa Okutobala 1856 m'nyumba ya zisudzo ya ku Algiers. Malinga ndi zimene iye analemba, anaitana mwamuna wina wamphamvu kuti anyamule kabokosi kaja. Poyamba anakanyamula mosavuta, koma maginito atayatsidwa analephera, ndipo kenako anamenyedwa ndi magetsi odutsa pa chogwirira chake n'kuthawa pasiteji. Anachitanso sewero lowomberedwa ndi mfuti, chipolopolo chokhala ndi chizindikiro n'kupezeka chitakodwa mu apozi amene anabaya kunsonga ya mpeni. Pambuyo pake omasulira anauza mafumuwo kuti zonsezo zinali luso chabe osati mphamvu zauzimu, pofuna kuti anthu ayambe kukayikira zodabwitsa za a marabout. Asanachoke, mafumu ena anamupatsa chikalata chomuyamikira.

Zambiri za ulendowu zimachokera m'buku la iye mwini, ndipo olemba ena a pambuyo pake anakokomeza nkhaniyi mpaka kunena kuti analetsa nkhondo. Zochitika za m'zaka zotsatira sizigwirizana ndi mawu amenewa. Mu 1857 asilikali a France anachita nkhondo yaikulu m'mapiri a Kabylie n'kugwira mtsogoleri wachikazi Lalla Fatma N'Soumer, ndipo mu 1871 anthu a m'derali anaukiranso motsogozedwa ndi Cheikh El Mokrani. Masiku ano ulendowu umatchulidwa kawirikawiri monga chitsanzo cha mmene atsamunda ankagwiritsira ntchito sayansi ndi zionetsero poopseza anthu amene ankawalamulira.

Magetsi ndi mabuku

Atapuma, Robert-Houdin anakhazikika ku Saint-Gervais pafupi ndi Blois, m'nyumba yotchedwa Le Prieuré. Nyumbayi anaidzaza ndi zipangizo zamagetsi pa nthawi imene magetsi ankachokera m'mabatire okha. Geti linali ndi belu lodziwitsa a m'nyumba kuti kwabwera mlendo, ndipo ankatha kulitsegula ali m'nyumba. M'khola la mahatchi munali chipangizo chothira chakudya pa nthawi yoikika. Wotchi imodzi yaikulu inkatumiza mphamvu pa waya ku mawotchi ena a pamalopo kuti onse azisonyeza nthawi yofanana. Panalinso mabelu ochenjeza za moto ndi za akuba.

Sanali woyamba kupanga wotchi yamagetsi, pakuti Alexander Bain wa ku Scotland anali atalembetsa kale yake mu 1841. Komabe anali m'gulu la amisiri oyambirira ku France amene analimbikira ntchitoyi, ndipo pa chionetsero cha mayiko onse cha ku Paris mu 1855 anapatsidwa mendulo chifukwa cha zipangizo zake zamagetsi. M'zaka za m'ma 1860 anatembenukira ku zipangizo zopimira maso, ndipo china mwa izo anachitcha iridoscope.

Analembanso mabuku angapo. Confidences d'un prestidigitateur, mbiri ya moyo wake, linatuluka mu 1858 ndipo posakhalitsa linamasuliridwa m'Chingelezi. Les Tricheries des Grecs dévoilées la mu 1861 limaulula njira zimene akathyali amabera anzawo pa juga ya makadi. Le Prieuré la mu 1867 limafotokoza zipangizo za m'nyumba yake. Les Secrets de la prestidigitation et de la magie la mu 1868 ndi buku lophunzitsa zamatsenga, ndipo Magie et physique amusante linasindikizidwa mu 1877 iye atamwalira kale.

Imfa

Pa nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia, mwana wake Eugène, amene anali kaputeni m'gulu la asilikali otchedwa Zouaves, anavulala kwambiri pa nkhondo ya ku Reichshoffen pa 6 Ogasiti 1870 ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Imfayi, pamodzi ndi mavuto a nkhondo imene inafika mpaka m'chigawo cha Blois, inamufooketsa kwambiri. Anadwala chibayo ndipo anamwalira ku Saint-Gervais pa 13 Juni 1871 ali ndi zaka 65. Anaikidwa m'manda ku Blois.

Cholowa chake pa zamatsenga

Holo yake inasamukira ku Boulevard des Italiens mu 1854 ndipo inapitiriza kudziwika ndi dzina lake. Mu 1888 Georges Méliès anaigula kwa mkazi wamasiye wa Émile, pamodzi ndi zidole zamakina zimene zinalimo. Méliès anayamba kuonetsamo mafilimu mu 1896 ndipo anakhala mmodzi mwa oyambitsa luso la zodabwitsa za m'mafilimu. Nyumbayo inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1920 pokulitsa msewu wa Boulevard Haussmann.

Mnyamata wina wa ku America, Ehrich Weiss, atawerenga mbiri ya Robert-Houdin anadzitcha Harry Houdini pomulemekeza. Koma mu 1908 anatulutsa buku lakuti The Unmasking of Robert-Houdin, momwe anamunena kuti anaba nzeru za amatsenga akale n'kumati ndi zake. Olemba mbiri ya zamatsenga amavomereza kuti masewero ena anali ndi magwero akale, koma ambiri amaona kuti Houdini anakokomeza ndipo analakwitsa mfundo zingapo. Ku Blois kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Maison de la Magie Robert-Houdin, imene inatsegulidwa mu 1998 moyang'anizana ndi nyumba yachifumu ya mumzindawo.

Mawotchi achinsinsi pambuyo pake

Nzeru ya galasi lozungulira sinathere pa iye. Mu 1912 mmisiri Maurice Coüet anapangira kampani ya Cartier wotchi yachinsinsi yotchedwa Model A, pogwiritsa ntchito mwala woonekera ngati galasi. Mawotchi a Cartier anali okwera mtengo kwambiri ndipo ankagulidwa ndi mafumu ndi anthu olemera okha.

Magetsi a m'nyumba atafala, wotchi yachinsinsi inafika kwa anthu wamba. Leendert Prins wa ku Netherlands analembetsa kapangidwe ka wotchi yagalasi yoyendera kainjini kamagetsi, ndipo kampani ya Jefferson Electric ya ku Bellwood m'chigawo cha Illinois inagwiritsa ntchito nzeruyi popanga wotchi ya Golden Hour kuyambira mu 1949 mpaka 1991. Mu wotchiyi kainjini kali m'tsinde ndipo kamazunguza galasi limodzi la mkombero wa mano kamodzi pa ola. Muvi wa mphindi umayenda ndi galasilo, pamene muvi wa maola umayendetsedwa ndi timagiya ting'onoting'ono tokhala pakati, kuseri kwa mivi, tolumikizidwa ku kachitsulo kolemera kamene nthawi zonse kamalendewera pansi. Jefferson inapanganso mitundu ina monga Golden Helm, Golden Minute ndi Suspense, ndipo makampani ena a ku Chicago monga Haddon ndi Mastercrafters anatulutsa mawotchi awo ofanana nawo.

Osonkhanitsa mawotchi akale amasiyanitsa mitunduyi poyang'ana zinthu zingapo. Mawotchi a Robert-Houdin ndi a m'zaka za m'ma 1800, amapukusidwa ndi kiyi, alibe chingwe cha magetsi, ndipo ambiri ali ndi dzina lake pa galasi. Ndi osowa, ndipo amapezeka makamaka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'misika ikuluikulu ya okushoni. Mawotchi amagetsi a ku America ndi ambiri, ndipo dzina la kampani ndi la mtundu wa wotchi limalembedwa kunsi kwa tsinde. Vuto lofala pa Golden Hour ndi lakuti guluu womata galasi ku mkombero wa mano amauma n'kumasuka, ndipo wotchi imayamba kutsalira ngakhale kainjini kali bwino. Komanso kainjini kake kamadalira kugunda kwa magetsi a ku America, komwe ndi ka 60 pa sekondi. Wotchi yotere ikalumikizidwa ku magetsi ogunda ka 50 pa sekondi, monga a ku Ulaya ndi ku Africa, imatsalira mphindi 10 pa ola lililonse, ngakhale mphamvu ya magetsiwo itachepetsedwa ndi thiransifoma.